Tiki imodzi ndi alendo khumi ndi asanu ndi awiri

Komiti ya ukwati wa mwana wa alongo anga inandisankha kukhala mlembi chifukwa foni yanga yokha ndiyo inali yosasweka galasi. Wapampando anangoyang'ana mafoni amene anali patebulo kwathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, n'kunena kuti, "Amalume, inuyo ndiye muzidziwitsa anthu." Onse anawomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anthu oti adziwitsidwewo anali mbali zinayi. Kunali abale akumudzi ku Ntcheu ndi ena okhala ku Blantyre, kunali ana athu a ku Johannesburg, kunali akutchalitchi, ndiye kunali akuchimuna a ku Mbare, konkuno ku Harare. Akuchimunawa agogo awo anabwera kuchokera ku Nyasaland nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, ndipo adzukulu awo Chichewa amachikumbukira pamaliro pokha. Choncho uthenga uliwonse ndinkaulemba kawiri, m'Chichewa ndi m'Chishona, kenako n'kuujambulanso ndi mawu chifukwa cha akuluakulu amene maso anatopa.

Tinayamba ndi gulupu ya WhatsApp. Gulupu imalola anthu 1,024, ife tinalimo cha m'ma 140, koma phokoso lake linali la anthu onse 1,024. Tambala asanalire kwagwa kale zithunzi za maluwa zofunsa ngati tadzuka bwino. Kukacha mavesi. Masana uthenga wa maliro a munthu amene theka la gulupu silikumudziwa, aliyense n'kulemba "pepani" wakewake. Madzulo mkangano wa mtundu wa chitenje cha yunifomu. Uthenga wanga wa zopereka, wonena kuti a kuno atumize pa EcoCash, a ku Johannesburg pa Mukuru, ndipo akumudzi asonkhe pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu mmodzi ku Blantyre, unakwiririka pansi pa zonsezo ola lisanathe. Anthu ankandifunsa nambala yomwe ndinali nditangolemba kumene.

Mphwanga wina wodziwa za mafoni ndiye anandionetsa broadcast. Umasankha anthu mpaka 256, n'kulemba kamodzi, aliyense n'kulandira payekha ngati walembera iyeyo basi. Palibe maluwa, palibe "pepani". Ndinaona ngati ndatulukira mankhwala. Akuti anandiuzanso kuti uthenga wa broadcast umafika kwa okhawo amene anaseva nambala yako m'foni mwawo. Iye akulumbira kuti ananena. Mwina ananenadi pamene ndinkafunafuna magalasi.

Kenako tsiku la ukwati linasintha. Ukwati wa m'tchalitchi umayenera kulengezedwa Lamulungu katatu usanadalitsidwe, ndipo kalata ya mkwati yochokera kumpingo wake inachedwa, Lamulungu loyamba n'kudutsa osalengeza. Panali njira yokatenga chilolezo kwa majisitireti, koma akulu ampingo anakana kuti mwana wawo asalowe m'banja mwachidule. Ukwati unasunthira Loweruka lotsatira. Holo ya ku Highfield imene tinalipira inali yotengedwa kale tsiku limenelo, ndiye tinapeza ina ku Glen Norah. Msungichuma anawonjezera mfundo yachitatu: pa perekaniperekani anthu abwere ndi madola a ku America ang'onoang'ono kapena ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, chifukwa makwacha kuno alibe kogulira ngakhale bokosi la machesi.

Ndinalemba zonsezi bwinobwino, tsiku, malo, ndalama, n'kutumiza pa broadcast. A ku Harare anayankha. A ku Johannesburg anayankha. Kumudzi kunali zii. Nditayang'ana, mauthenga ambiri opita ku manambala a +265 anali ndi tiki imodzi yotuwa. Tiki imodzi imatanthauza kuti uthenga wachoka kwa iwe koma sunafike kwa mwiniwake. Ine ndinaiwerenga mwanzeru zanga: kumudzi magetsi azima, mafoni athera moto, bandulo yadula. Ndinauza komiti kuti aliyense wadziwa, ndipo zinalembedwa m'maminitsi, ndi dzanja langa lomwe.

Lachinayi usiku, kutatsala masiku awiri kuti lifike tsiku lakale lija, foni inalira ndi nambala yachilendo. Anali kondakitala wa basi, ndipo anangoti, "Lankhulani ndi amayi awa."

"Mwana wa achimwene, tafika. Tili pa Roadport. Galimoto ili kuti?"

"Azakhali, mwafika kuti?"

"Ku Harare kuno, kumene kuli ukwati. Kapena kuli Harare wina?"

Anali anthu khumi ndi asanu ndi awiri. Anali atadutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kudinditsa mapasipoti pa Cuchamano ndi Nyamapanda, ulendo wa makilomita pafupifupi 600, amayi onse atavala kale yunifomu kuti tiwazindikire msanga. Ananyamula thumba la mpunga wa Kilombero la makilogalamu 25, usipa wouma, mtedza, ndi mphika waukulu umene mpaka lero sindikudziwa kuti unakwera bwanji basi. Ndinachita hayala kombi yonse, minibasi ya kuno. Nkhani ya tsiku ndinaisunga mpaka titadutsa Mbare, poopa kuti azakhali angatsike n'kubwerera wapansi.

Nditaulula, m'kombi munangoti chete. Kenako azakhali anafunsa modekha kwambiri, kumene kuli koopsa kuposa kukalipa: "Ndiye unauza ndani?"

Kunyumba tinayala mafoni patebulo n'kuyamba kufufuza. Mwa amene anali ndi mafoni, asanu ndi atatu analibe nambala yanga n'komwe, ankangondionera pagulupu. Anayi anali ndi nambala ya ku Malawi imene ndinagula nditapita kumaliro zaka zapitazo, yomwe inafa kalekale. Azakhali anali nayo nambala yeniyeni, koma anailemba kuyambira pa 077 popanda +263 kutsogolo, moti foni yawo inkaiyesa nambala ya ku Malawi. Mmodzi yekha, mlamu wanga, ndiye analandira uthenga. Anati anauwerenga ndithu, koma ataona kuti pagulupu palibe akukamba, anaganiza kuti ndi akuba aja amatumiza mauthenga abodza, ndipo sanafune kusokoneza anthu.

Nyumba yathu ndi ya zipinda zinayi. Amayi anatenga zipinda ziwiri, abambo pabalaza, ine ndi ana anga aamuna kukhitchini, mutu pafupi ndi firiji. Madzi a m'mpopi kuno amabwera akafuna, ndiye m'mawa uliwonse kunkanyamuka gulu la zigubu kupita kumjigo, ine patsogolo ngati wodziwa njira. Kubafa tinaika ndandanda, ndipo ndi uthenga wokhawo umene ndinalemba chaka chimenecho n'kufika kwa onse, chifukwa ndinaumata pachitseko.

Mpunga uja unali wowerengedwa. Kilogalamu imodzi imadyetsa anthu asanu ndi atatu, ndiye makilogalamu 25 anali a alendo 200 a paukwati, ndendende. Koma pakhomo pafika alendo ochokera kumudzi, Amalawi onse a ku Mufakose, Kambuzuma ndi Dzivarasekwa amabwera kudzalonjera ndi kufunsa za mvula, ndipo munthu wobwera kudzalonjera sabwerera ndi njala. Makilogalamu atatu ankalowa mumphika madzulo alionse. Pofika Lachisanu lotsatira thumba linali litasanduka chopondera pakhomo, ine ndili ku Mbare Musika kugula mpunga wina ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Matikiti obwerera nawo anafunika kusintha, ndipo msuweni wina, mphunzitsi, tchuthi chake chinali cha masiku ochepa. Anabwerera Lolemba ukwati asanauone, atadya mpunga wake wokha.

Komiti inakumana mwadzidzidzi, ndipo azakhali anadziika okha kukhala mlangizi. Gulupu yakale tinaisiyira maluwa ndi maliro. Tinatsegula ina imene amalembamo ndi anthu awiri okha, ena onse n'kumangowerenga. Uthenga uliwonse unkayamba ndi dzina la tsiku, deti, nthawi ndi malo, ndipo malowo tinkatchula ndi pokwerera kombi ndi potsikira, kuwonjezera pa kamapu kotumiza pafoni, chifukwa Glen Norah, Glen View ndi Glen Lorne ndi malo atatu osiyana ndipo lachitatulo lili kutsidya lina la mzinda. Chikasintha chinthu, uthenga unkanenanso chakalecho kuti chafafanizidwa, apo ayi anthu amasunga zonse ziwiri n'kusankha yowakomera. Mbali iliyonse inapatsidwa munthu mmodzi woimba foni, osati kulemba, ndipo dzina linkachongedwa pokhapokha mwiniwake atabwereza ndi pakamwa pake tsiku ndi malo. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri ankauzidwa poyamba, chifukwa nkhoswe akamvera nkhani pagulupu limodzi ndi ana, mlandu wake umafuna nkhuku. Pa tsiku la ukwati tinaikanso mnyamata pageti la holo ya ku Highfield, ndipo anabweza anthu okwana kombi imodzi, ena mwa iwo omwe anayankha "zikomo, tamva" pa uthenga wanga.

Ukwati unayenda bwino. Pa perekaniperekani, wolengeza ataitana akuchikazi ochokera ku Malawi, azakhali anatsogolera mzere akuvina, n'kumaponya makwacha m'mwamba mosaumira, chifukwa mfundo ya madola ija inali mu uthenga womwe uja wa tiki imodzi, ndipo sabata yonse tili nyumba imodzi palibe anaikumbukira. Owerenga ndalama anachita kubwereka beseni lachitatu.

Komiti itakumana kotsiriza inagwirizana kuti makwachawo apatsidwe kwa mlembi, ngati chipukuta misozi cha mpunga. Ndinawalandira m'jumbo. M'mawa mwake pa Roadport, basi ili pafupi kunyamuka, azakhali anatulutsa dzanja pawindo.

"Jumbo ija bweretsa kuno. Iwe ugula nazo chiyani kuno? Ife tikamwera tiyi pa Mwanza."