Subaru yowira ndi rediyeta yochokera ku Joni

Okutobala ndi mwezi umene umaulula galimoto yomwe rediyeta yake yatopa. Miyezi yozizira ija imabisa zambiri, koma dzuwa likangoyamba kuswa mtengo, magalimoto amabwera pa galaja motsogozana, dandaulo lake limodzi: geji yakwera, madzi akutha. Sabata yathayi pa galaja yathu ku Limbe zoterezi zinalipo zingapo, koma yomwe inandidyera nthawi ndi Subaru Impreza WRX ya 2005, yochokera ku Japan, nambala ya chasisi yoyamba ndi GDA, injini EJ20 ya turbo, magiya a pamanja.

Inafika Lolemba m'mawa itakwezedwa pa lole. Mwini wake amagwira ntchito ku Nchalo koma banja lili ku Blantyre, ndiye kumapeto kwa sabata amakwera chitunda cha Thabwa. Amene anayendapo msewu umenewu akudziwa. Umachoka kuchigwa kotentha, ukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kuyamba kukwera mamita oposa 800 m'makona okhaokha, nthawi zina uli kumbuyo kwa thiraki yodzaza katundu yomwe ikungokwawa. Injini ikugwira ntchito mwamphamvu, turbo ikupuma moto, koma mphepo yolowa kutsogolo ndi yochepa. Galimotoyo inali itasinthidwanso pulogalamu ya kompyuta kuti turbo izikankha mpweya wambiri kuposa mmene inachokera ku fakitale.

Ndisanatsegule n'komwe boneti, mkuluyo anali atatulutsa kale foni. Pa chithunzi panali rediyeta yonyezimira ya aluminiyamu yokhayokha, mizere itatu, kunenepa kwake kopitirira mamilimita 50, pamodzi ndi mahosi ofiira, mtengo wake wotsika modabwitsa. Dzina la kampani panalibe.

"Amakaniko, ine ndasankha kale. Inu mungomanga basi."

"Bwana, tiyambe tadziwa chomwe chawiritsa galimotoyi. Mwina rediyeta yangofera za eni."

Ndinathira madzi, ndinamanga pampu yoyezera pa thanki, n'kupopa. Mphindi sinathe, madontho anayamba kutuluka pa thanki ya pamwamba ya rediyeta, pafupi ndi khosi lomwe hosi yaikulu imalowa. Marediyeta a fakitale a magalimoto amenewa pakati pake ndi aluminiyamu, koma thanki ya pamwamba ndi ya pansi ndi pulasitiki yopanikizidwa ndi timano tachitsulo. Pulasitikiyo ikakhala yatsopano imakhala yakuda bii. Ikaphikidwa zaka zambiri imasanduka yofiirira ndipo imauma. Iyi inali yofiirira, ndi mng'alu wotalika ngati chala. Munthu wina anali atamatapo kale guluu. Guluu pa pulasitiki yopsa sagwira, amangokunyengerera kuti ufike patali ndi kwanu.

Koma mng'alu umatha kukhala chotsatira chabe. Pa injini za Subaru, gasiketi ya mutu ikayamba kulola utsi kulowa m'madzi, mphamvu ya mpweya imakwera ndipo chimene chili chofooka chimaphulika. Ukamanga rediyeta yatsopano osayeza zimenezi, waponya ndalama za munthu m'madzi. Ndinagwiritsa ntchito kabotolo ka mankhwala a buluu aja, omwe amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa injini. Anakhalabe a buluu. Apo ndinapumira m'mwamba, chifukwa kusintha magasiketi pa injini yogona chammbali ngati iyi nthawi zambiri kumafuna kuitulutsa yonse.

Tinapezanso zinthu ziwiri zomwe mwini wake sanaziganizire. Mwa mafani awiri okoka mphepo pa rediyeta, imodzi inali yakufa, moto ukufika koma mota osazungulira. Ndipo pakati pa rediyeta ndi kondensa ya AC (karediyeta ka makina oziziritsa m'galimoto, komwe kamakhala kutsogolo kwake) panali patadzaza udzu, nthenga ndi tizilombo touma, moti theka la m'munsi silinkapuma. Ndinamuitana kuti aone ndi maso ake. Munthu ukangomuuza pafoni amaganiza kuti ukufuna kukweza bilu.

Lachiwiri linathera m'misika. Ndinayambira ku Ndirande, komwe sipeya iliyonse imapezeka ngati uli ndi miyendo ndi chipiriro. Rediyeta ya Impreza inalipo, yochotsedwa pa galimoto yangozi. Nditaiyang'ana, inali ya Impreza wamba yopanda turbo, yopyapyala, ndipo pulasitiki yake inali itayamba kale kufiira.

"Ilowa bwinobwino madala, mabawuti ake ndi omwewo," anatero wogulitsayo. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Kulowa ingalowedi. Koma kugula pulasitiki ya zaka pafupifupi 20 kuti ilowe m'malo mwa pulasitiki inzake ya zaka zomwezo, ine sindichita. M'sitolo ina ku Limbe munali yatsopano m'katoni, koma ya magiya odzisintha okha, yokhala ndi timapaipi tiwiri pansi tozizirirapo oyilo wa giyabokosi. Imeneyo imatheka kumanga pa galimoto ya magiya a pamanja, timapaipito n'kungotisiya, koma nayonso inali yopyapyala, ndipo malo omangira mafani sanagwirizane ndi athu nditayeza ndi tepi.

Madzulo ndinaimbira mnzanga yemwe amagwira ntchito yomweyi ku Johannesburg. Anandipezera zitatu: yatsopano yofanana ndi ya fakitale, ya Koyorad ya aluminiyamu yokhayokha yonenepa mamilimita 36, ndi yonenepa kwambiri yopanda dzina ija, yofanana ndi ya pa chithunzi. Maina ena odziwika pa magalimoto oterewa ndi Mishimoto ndi CSF a ku America, koma panthawiyo anali oyembekezera kuitanitsa kunja.

Apa ndi pomwe tinakambirana nthawi yaitali ndi mwini galimoto, ndipo ndinena zomwe ndinamuuza. Chimene chimaziziritsa madzi si kuchuluka kwa chitsulo, ndi mphepo yomwe ikudutsa m'timapiko ta rediyeta. Mphepo ikalowa mzere woyamba imatenga kutentha, ikamafika mzere wachitatu imakhala yotentha kale, ndiye mzere womalizawo umathandiza pang'ono. Komanso rediyeta ikanenepa, mphepo imavutika kudutsa. Pa bwalo la mpikisano, pomwe galimoto ikuthamanga nthawi zonse, zimenezo si nkhani. Pa Thabwa kumbuyo kwa thiraki, kapena pa mzere wa magalimoto a pa Ginnery Corner madzulo AC ili yoyatsa, amene akukoka mphepo ndi mafani okha. Chinanso, mu Impreza mpata pakati pa mafani ndi malamba a injini ndi wochepa. Rediyeta yonenepa imakankhira mafani kumbuyo, hosi ya pamwamba n'kuyamba kukhudza fani kapena lamba. Anthu amathera kudula mahosi kapena kugula mafani opyapyala omwe nthawi zambiri sakoka ngati a fakitale.

Ndiye pali nkhani ya kapangidwe. Rediyeta yabwino ya aluminiyamu timapaipi take timalumikizidwa mu ng'anjo, mathanki n'kuwotchereredwa mwaukhondo. Zotchipa zina zimangomatidwa ndi guluu wolimba pomwe timapaipi tikulowa m'thanki, ndipo pa chithunzi sungazindikire. Misewu yathu ya maenje ikaigwedeza, imayamba kunyowa m'makona, ndipo owotcherera aluminiyamu amaikana chifukwa guluuyo amapsa.

Kunena zoona, galimotoyo ikanakhala yosasinthidwa, ndikanamuuza kuti atenge yofanana ndi ya fakitale, chenji agulire matayala. Rediyeta yoyamba ija yatumikira zaka zonsezi, sinalakwe kanthu koma kukalamba. Koma poti turbo inakwezedwa ndipo msewu wake ndi umene uja, ndinasankha ya mamilimita 36. Imalola mafani a fakitale kubwerera pamalo pake, ilibe pulasitiki yoti n'kupsa, ndipo ikang'aluka m'tsogolo imatheka kuwotcherera konkuno. Mtengo wake unali wopitirira kawiri wa yonyezimira ija, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023, mkuluyo anakhala chete nthawi ndithu akukanda pamutu. Anavomera, koma nkhope ikuonetsa kuti mtima uli pa mahosi ofiira.

Katunduyo anakwezedwa pa basi Lachitatu. Ndinapempha mnzangayo kuti aike makatoni olimba mbali zonse ziwiri, chifukwa ulendo wodzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, rediyeta ili pansi pa masutikesi ndi mabelo, timapiko take timaphwanyika msanga. Podikira, mnyamata wanga wophunzira ntchito anatsuka kondensa ndi madzi ofatsa kuchokera kumbuyo, ine ndinasintha mota ya fani, ndinaika themositati yatsopano (kavavu komwe kamatsegulira madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha) ndi mahosi akuda wamba. Themositati yakale munthu wina anali ataichotsa, chizolowezi chomwe chafala kuno poganiza kuti injini izizizira bwino. Chimene chimachitika n'chakuti injini imachedwa kutentha m'mawa ndipo imamwa mafuta ambiri. Ya galimoto iyi imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 78. Lachinayi ndinagwira mabuleki a minibasi ndi kilatchi ya Probox, ntchito zomwe zimalipira lendi.

Lachisanu masana tinakatenga katoni ku Wenela, msonkho utalipidwa pa chipata. Ndisanamange ndinatseka makomo onse n'kuipopa mpweya ili pa tebulo. Sinatsike. Ndinaika timalabala tatsopano pansi ndi pamwamba, chifukwa rediyeta ya aluminiyamu siyenera kumangidwa gwa ku chitsulo cha galimoto. Thupi la galimoto likamapindika pa maenje, mphamvuyo imathera pa zowotcherera. Ndinabwezeretsanso siponji ya m'mbali kuti mphepo isamathawire m'mipata.

Pali kanthu kena komwe kamagwetsa amakaniko ambiri pa ma Subaru a turbo. Zitsekerero za madzi a injini zilipo ziwiri ndipo sizofanana. Cha pa kathanki kam'mwamba pafupi ndi turbo ndi chopirira kupanikiza kwa 108 kPa, ndipo ndi chomwe chimatulutsa ndi kubweza madzi kuchokera m'botolo la pambali. Cha pa rediyeta ndi chozungulira chopanda makutu, cha 137 kPa, chongotetezera. Ukazisinthanitsa, madzi amatuluka osabwerera bwino, ndipo kathanki kam'mwamba kamakhala ndi mpweya. Chitsekerero si chinthu chochinyoza: ku Blantyre kuno, chifukwa cha kukwera kwa malo, madzi a m'poto amawira asanafike madigiri 100, ndipo chimene chimachititsa kuti a mu injini apirire mpaka kupitirira 120 ndi coolant, mankhwala osakaniza m'madzi a injini, pamodzi ndi kupanikiza kwa chitsekererocho.

Tinathira malita opitirira 7, theka coolant theka madzi a batire. Madzi a pa mjigo kapena a pampopi amasiya miyala m'timapaipi ndipo amadya aluminiyamu. Kuchotsa mpweya kunatenga nthawi: kutsogolo kwa galimoto kutakwezedwa pa jeke, fanelo ili pa kathanki kam'mwamba, hita yotsegula mpaka kumapeto, tikufinya mahosi mpaka thovu litaleka ndipo mafani atayaka ndi kuzima okha.

Loweruka masana, dzuwa lili paliwombo, tinatsika mpaka Chikwawa n'kukwera, kachipangizo kowerengera kompyuta ya galimoto kali pamiyendo panga, poti geji ya pa dashibodi imangokhala pakati ngakhale kutentha kukusintha. AC ili yoyatsa, manambala anakhala cha m'ma 90, ndipo titatsekeredwa kumbuyo kwa lole mafani anayaka, kutentha n'kutsika. Mwini wake anafunsa ngati yonenepa ija sikanatsitsa kuposa apa. Ndinamuyankha kuti injini ya petulo imafunika kutentha kotereku, ndipo themositati sikanalola kuti itsike kwambiri ngakhale atamanga rediyeta ya thirakitala.

Abweranso sabata yamawa kuti ndidzakungenso zomangira mahosi ndi kuona mlingo wa madzi injini ili yozizira. Ndamuonetsanso oyilo yemwe akudontha pa chivundikiro cha mavavu cha kumanja n'kugwera pa paipi ya utsi pafupi ndi turbo. Wati zimenezo zidikire malipiro a mwezi uno.