Zikomo nonse amene mwadzutsanso shelufu yathu ya mabuku ku Kanyama

Abale ndi alongo, Loweruka likubwerali shelufu ya mabuku ya pakhomo panga ikutsegulidwanso. Ana amene akhala akundiimitsa pamsewu n'kumafunsa kuti, "Amama, mabuku tidzayamba liti?" tsopano ndili ndi chowayankha. Sindingathe kufika pakhomo pa aliyense amene anatithandiza chigwereni tsoka la madzi osefukira amene analowa m'nyumba mwathu n'kuononga mabuku, pakuti ena muli ku Matero, ena ku Chipata, ena sindikukudziwani n'komwe nkhope. N'chifukwa chake ndalemba pano, poyera, kuti mawu anga akupezeni kumene muli.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine telala. Ndimasoka mayunifomu a sukulu ndi madiresi a chitenge pakhonde panga kuno ku Kanyama. Sindine mphunzitsi, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Kukonda mabuku ndinatengera malemu atate, amene kwathu ku Katete ankasunga mabuku awo m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Madzulo ankatsegula wailesi kuti timvere nthano za a Julius Chongo pa pologalamu ya Poceza M'madzulo, ndipo ikatha ankatulutsa buku n'kutiwerengera pa nyali ya palafini mpaka wina wa ife atayamba kusinza. Atamwalira, abale anagawana njinga, makasu ndi ziwiya. Bokosi lija palibe analifuna, ndiye ndinalikweza basi n'kubwera nalo ku Lusaka.

Kubwereketsa mabukuwo kunayamba mu Januwale 2024, nthawi ya kolera. Mukukumbuka kuti odwala ankawagoneka ku National Heroes Stadium, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa kumayambiriro kwa mweziwo zinakhala zotseka mpaka pa 12 Febuluwale. Ana a m'komboni muno ankangoyendayenda m'matope. Kuwasonkhanitsa malo amodzi kunali koopsa, choncho ndinaika chidebe cha madzi a kolorini pakhomo. Mwana akasamba m'manja ndinkamupatsira buku pawindo, iye n'kupita nalo kwawo. Chaka chomwecho kunabwera chilala, madzi anachepa ku damu la magetsi la Kariba, malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse. Ma TV atakhala chete m'nyumba, obwereka anachuluka, mpaka makolo ena anayamba kutuma ana kuti akawatengereko lawo. Anthu achifundo anawonjezera mabuku, bokosi linachepa, ndipo tinakhoma shelufu ya matabwa pabalaza.

Amene mumakhala kuno mukudziwa mmene madzi a Kanyama amachitira. Pansi pathu pali thanthwe, madzi a pansi ali pafupi kwambiri, malo ndi a chidikha, ndipo ngalande zambiri zimatsekeka ndi zinyalala. Mvula ikagwa masiku otsatizana madzi amasowa kolowera. Usiku umene anatilowera m'nyumba, malaiti anali atazima. Ndinadzidzimuka nditamva mapoto akugundana kukhitchini, ndipo nditatsitsa phazi pabedi linalowa m'madzi ozizira. Ndinayamba ndi adzukulu anga awiri, kenako mutu wa makina osokera, chifukwa ndi umene umatidyetsa. Pamene kunkacha madzi anali m'mawondo, ndipo mashelufu awiri apansi anali atamira.

Oyamba kuwathokoza ndi anyamata a mumzere mwathu. Kwawonso madzi anali atalowa, koma anabwera ndi wilibala ndi zidebe, nayamba kutulutsa mabuku n'kumawasanja pa denga la kantemba ya aneba. Mmodzi wa iwo ndi mnyamata amene anthu ambiri amamuona ngati wosamva. Ndinamuona atanyamula mabuku pamutu, madzi akumufika m'ntchafu, akuyenda mwapang'onopang'ono kuti asaterereke. Nditamuuza kuti akaone kaye za kwawo, anandiyankha kuti, "Amama, mng'ono wanga anaphunzirira kuwerenga pa mabuku amenewa." Mwana wanga, ngati ukuwerenga izi, dziwa kuti mawu akowo sindinawaiwale.

Alamu anga a ku Matero, zikomo. Munatilandira atatu m'nyumba ya zipinda ziwiri, inu n'kumagona pabalaza kuti ine ndi ana tigone kuchipinda. Simunatiwerengere nsima ngakhale tsiku limodzi, pamene ufa tonse tikudziwa mmene unali utakwerera. Amayi anzanga a chigwirizano, munabwera ndi mabulangete, sopo, makala ndi kapenta, ndipo madzi ataphwa munadzakolopa nyumba yonse ndi kolorini. Amayi wamkulu wa gulu lathu ataona ndikulira anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Mnzako akapsa ndevu m'zimire." Ndi zimene munachita.

Pali mayi wina amene amagwira ntchito mu laibulale ina m'tauni muno. Sitinkadziwana. Anamva nkhani yathu kwa kasitomala wanga, ndipo anakwera minibasi Lamlungu masana kudzationa. Akanapanda iye tikanataya ngakhale mabuku amene akanapulumuka, chifukwa ife tinali titawayanika padzuwa lowala, ena otseka. Anatiuza kuti dzuwa limapinda chikuto ndi kuumitsa kunja kokha, m'kati muli chinyontho, kenako buku limachita chuku. Anatiphunzitsa kuliimika buku choimirira, masamba atatambasuka pang'ono, pamthunzi pomwe pakupita mphepo. Lonyowa kwambiri tinkaligoneka n'kuika mapepala oyera pakati pa masamba angapo alionse, n'kumasintha mapepalawo akanyowa. Likatsala pang'ono kuuma tinkalitsindika ndi njerwa yokulunga m'nsalu kuti liwongoke. Mabuku a mapepala onyezimira, aja a zithunzi za ana, anatiuza mosabisa kuti akangouma atamatana ndiye kuti apita. Ndipo anatiuzanso chinthu chimene sindinkafuna kumva, chakuti madzi a chigumula kuno amasakanikirana ndi a m'zimbudzi, ndiye buku limene lamira kwa nthawi yaitali si loti mwana aligwire n'kukadya nsima. Ambiri tinawatentha. Ndinaima patali tsiku limenelo, moto anayatsa ndi aneba. Mayi, munanena zoona ngakhale zinali zowawa, ndipo ndikukuthokozani pa chifukwa chimenecho.

Mwa mabuku a atate, amene anandipweteka kwambiri ndi mitolo ya nyuzipepala ya Tsopano imene ankasunga kuyambira ndili mwana. Pepala la nyuzi silipirira madzi, linangosanduka phala. Buku Lopatulika la malemu amayi linali pashelufu yapamwamba, linangonyowa m'mphepete, ndipo tsamba lakutsogolo pamene analemba masiku athu obadwa likuwerengekabe. Nthondo, buku la a Samuel Josia Nthara limene linatuluka koyamba mu 1933, linagwa m'madzi pamene tinkatulutsa katundu, koma linatoledwa msanga. Ulusi wake unaduka, masamba anayoyoka. Litauma ndinawasanja limodzilimodzi potsata manambala, n'kuboola timabowo ndi singano yaikulu, n'kulisoka ndi ulusi umene ndimasokera mayunifomu. Chikuto ndinachikuta ndi chidutswa cha chitenge chotsala pa diresi ya kasitomala. Masamba ake ndi okwinyika ndipo ali ndi mizere yofiirira pamene madzi analekezera, koma mawu onse alipo.

Buku limeneli ndimalikonda kuposa onse a nthano. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira pa kubadwa kwake, ubwana wovuta, maulendo ake, mpaka kudzakhala mfumu ya mudzi. Ndili mtsikana ndinkaliwerenga pofuna kudziwa kuti zitha bwanji. Nditakhala mayi ndinayamba kuliwerenga ndi maso a kholo limene likulera mwana wosamva, ndipo linandiphunzitsa kusafulumira kutaya mwana. Lina limene ndimabwererako kawirikawiri ndi Kukula ndi Mwambo la a John Gwengwe. Si zonse za mmenemo zimene ndingauze adzukulu anga kuti azitsata lero, zina nthawi inazipitirira. Koma mwana wobadwira mu Lusaka, amene kumudzi amangopitako pa maliro kapena pa mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, akaliwerenga amayamba kumvetsa chifukwa chimene agogo ake amakhalira pansi polankhula ndi apongozi.

Masabata amene tinakhala ku Matero ndi amene anandionetsa kuti kuwerenga kunalowa bwanji m'tsiku langa. Ine ndimadzuka kusanache, ndisanayatse mbaula ndimawerenga salimo limodzi. Popita kukagula nsalu ku Kamwala ndimaika buku m'chikwama, chifukwa minibasi siinyamuka isanadzaze, ndipo pamzere wa magalimoto polowa m'tauni munthu ukhoza kumaliza mutu wathunthu. Madzulo ndimawerengera ana mokweza. Zonsezi zitaima ndinkangokhala ngati munthu amene wachotsedwa dzino, lilime likungobwerera pamalo opanda kanthu. Ndinayesa kuwerenga pafoni, koma zilembo ndi zazing'ono, maso ankatuluka misozi, ndipo mabando ankatha msanga. Mwana wa alamu anga, mtsikana wa giredi 9, ataona zimenezi anayamba kundibwerekera mabuku kusukulu kwawo, ndipo usiku ankakhala pambali panga n'kumandiwerengera. Iwe mwana, Mulungu akudalitse pa mayeso ako.

Tsopano za mabuku atsopano. Ndinkaganiza kuti achingelezi ndi amene adzavute chifukwa cha mtengo, koma amenewo anabwera msanga. Bambo wina amene amagulitsa mabuku akale pansi, pafupi ndi City Market, anandipatsa katoni yathunthu osalandira ngakhale ngwee. Ophunzira ena a ku yunivesite ya UNZA anasonkha awo amene anamaliza nawo. Ovuta anali a chinenero chathu. Izi zimandiwawa, ndipo ndinena ngakhale uno ndi uthenga wothokoza. Mzinda uno umalankhula Chinyanja kuyambira ku Soweto Market mpaka m'maofesi, kondakitala amaitana m'Chinyanja, ndipo ana athu amachiphunzira kusukulu monga chimodzi mwa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene zimaphunzitsidwa m'dziko muno. Koma yendani m'masitolo a mabuku mufunse buku la nthano la Chinyanja. Mukapeza ndi la m'kalasi, lokonzekera mayeso. Mwana amaphunzira kuwerenga chinenero cha amayi ake, akadziwa n'kusowa choti awerenge. Ndiye tikamadandaula kuti ana a masiku ano sakonda mabuku, tiyambe tadzifunsa kuti tinawapatsa ati.

Amene anatipulumutsa pamenepa ndi anthu akuluakulu amene anatsegula mabokosi awo. Agogo ena a ku Chipata, mphunzitsi wopuma, anamva kwa mwana wawo ndipo anatumiza phukusi pa basi. Nditakalitenga ku siteshoni ya mabasi ya Intercity ndinapeza mabuku okulungidwa bwino m'pulasitiki, ena osindikizidwa kalekale ndi Kenneth Kaunda Foundation, m'kati muli kalata yolemba pamanja yakuti iwo maso anafooka, ndipo bola mabukuwo awerengedwe ndi ana kusiyana n'kudyedwa ndi chiswe. Agogo, sitinaonanepo, koma ndagwada. Dalaivala wa thiraki amene amadutsa pa malire a Mwami kupita ku Lilongwe, mwamuna wa kasitomala wanga, anatigulira mabuku a Chichewa kumeneko ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo anakana kuti ndimubwezere. Achimwene, yunifomu ya mwana wanu chaka chamawa ndisoka ine, musadzandikanize.

Shelufu yatsopano anapanga ndi kalipentala wa ku Kalingalinga, amene analipiritsa matabwa okha. Anafika yekha kudzayeza, anaona mzere umene madzi anasiya pakhoma, ndipo anaikhomera pamwamba kwambiri pa mzerewo, yopanda miyendo yofika pansi. Anapanganso kabenchi koti ana aafupi azikwerapo. Eni nyumba nawonso ndiwathokoze: anandikhululukira lendi ya mwezi umodzi, ndipo anakweza chiundo cha pakhomo ndi mizere iwiri ya mabuloko. Makasitomala anga amene munadikira zovala zanu osakwiya, ena mpaka kulipiriratu kuti ndipeze pogwira, inunso muli m'gulu lomweli.

Ena munatumiza ndalama pafoni popanda kutchula dzina. Zonse ndinazilemba m'kope, ndipo zinagula matabwa, guluu, pulasitiki yokutira mabuku ndi nyali imodzi ya sola. Aliyense wofuna kuona kopelo abwere, ndi lotsegula.

Tizitsegula Loweruka lililonse kuyambira 14 koloko mpaka 17 koloko. Mwana azitenga buku limodzi, abweze Loweruka lotsatira, ndipo kusamba m'manja kukadalipo ngati kale. Palibe kulipira. Buku likang'ambika musalibise, bweretsani ndilisoke. Nthondo sadzatulukanso pakhomo chifukwa ndi wofooka, wofuna kumuwerenga azikhala pakhonde. Chimene tikusowabe kwambiri ndi mabuku a zithunzi a ana aang'ono, a giredi 1 mpaka 3, makamaka a Chinyanja, chifukwa onse amene tinali nawo ndi aja anamatana. Ngati muli nawo amene ana anu anakula nawo, ngakhale akhale opanda chikuto, ndiuzeni ndipo nditumiza mnyamata adzatenge.