M83, Mlalang'amba Umene Umadutsa Pamutu Pathu Kuno ku Johannesburg

M'miyezi ya Meyi ndi Juni, mvula ikatha ndipo thambo la Johannesburg likayera, pali mlalang'amba, kutanthauza chimulu chachikulu cha nyenyezi zambirimbiri, umene umadutsa pafupifupi pamutu pathu penipeni madzulo, ngakhale kuti ambiri a ife sitinauonepo. Akatswiri a zakuthambo amautchula kuti M83, ndipo umapezeka m'gulu la nyenyezi la Hydra. Uli kutali kwambiri moti kuwala kwake, kumene kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, kumatenga zaka pafupifupi 15 miliyoni kuti kutifike. Pa zithunzi za matelesikopu akuluakulu umaoneka wozengezeka ngati nkhata, uli ndi mzere wa nyenyezi wodutsa pakati, ndipo m'mbali mwake muli madontho ofiirira pamene nyenyezi zatsopano zikubadwira.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri n'chakuti mbiri yake ndi ya kuno kumwera kwa Africa. Anayamba kuulemba ndi katswiri wa zakuthambo wa ku France, Nicolas-Louis de Lacaille, mu 1752 ali ku Cape, ndipo katswiri winanso wa ku France, Charles Messier, anadzauika pa mndandanda wake wa zinthu zakuthambo mu 1781. Koma munthu amene ndimamulemekeza koposa ndi Jack Bennett wa ku Pretoria, amene kuyang'ana kuthambo sinali ntchito yake yolembedwa. Mu Julaye 1968, akuyang'ana ndi telesikopu yake yaing'ono, anaona kadontho kowala pafupi ndi pakati pa M83, pamalo pamene panalibe kanthu kale. Inali nyenyezi yaikulu imene inaphulika pa mapeto a moyo wake. Kuti munthu azindikire kadontho kachilendo kotero, ayenera kukhala atauyang'ana mlalang'ambawo mobwerezabwereza mpaka kuudziwa bwino lomwe, ndipo khama limeneli ndi limene ndimalisirira. Kuphulika kwa mtundu umenewu kwaonekapo kasanu ndi kamodzi mu M83 kuyambira mu 1923.

Masiku ano magetsi a mumzinda achuluka, moti ku Hillbrow kapena ku Rosettenville kumene ambiri a ife timakhala, M83 amazimiririka m'chiyereyere cha thambo. Muyenera kutuluka, mwina cha ku Magaliesberg, usiku wopanda mwezi, mutavala zofunda chifukwa kumazizira zedi. Ndi telesikopu yaing'ono mudzaona kachifunga kozungulira, kowala pang'ono pakati, ndipo kamaoneka bwino mukayang'ana pambali pake pang'ono, maso atazolowera mdima kwa mphindi ngati 20.