Lachinayi la inki ku zala

Magetsi anazima usiku tisanagone, ndipo m'mawa uno anali asanayakebe. Ndinakoleza mbaula cha m'ma 5 koloko. Nthawi imeneyo amuna anga aPhiri anali atapita kale ku mjigo ndi zigubu ziwiri pa wilibala, chifukwa kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ukachedwa umapeza mzere utafika ku msewu. Tinamwa tiyi ndi mbatata, tinapemphera, tinanyamuka. Lero linali tsiku lokadinda zala.

Pa mndandanda womwe loya wathu wa ku Lilongwe anatitumizira pa WhatsApp, wa zofunika kuti titenge mwana ku Malawi n'kumulera ngati wathu, pali zinthu zambiri. Setifiketi ya ukwati tili nayo. Makalata a kwa dokotala tinatenga mwezi watha, ya abusa ili m'Baibulo langa kuti isapindike. Zatsala ziwiri zikuluzikulu: kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti sitinapalamulepo mlandu, ndi lipoti la mayi woona za chisamaliro cha ana amene adzabwere kudzaona pomwe timagona, zomwe timadya, ndi mmene timakhalira awirife. Lamulo la ku Malawi lotengera mwana ndi lakale, la 1949. Limati wotenga mwana asachepere zaka 25, komanso apose mwanayo ndi zaka zosachepera 21. Apo palibe vuto, ine ndili ndi zaka 38. Povuta ndi pa nkhani yoti wotenga mwana azikhala m'dziko la Malawi. Ndi mfundo yomwe ija inachititsa kuti bwalo lalikulu limukanize Madonna mu April 2009, mpaka bwalo la apilo linamuloleza mu June chaka chomwecho. Loya anatiuza mosabisa kuti tikonzekere kukakhala kumudzi kwa nthawi, osati kungofika Lolemba n'kubwerera Lachisanu. Ndalama ya zimenezo tikusunga pang'onopang'ono, dola lero, madola asanu mawa.

Tinakwera kombi mpaka m'tauni. Mitengo ya jakaranda yachita maluwa, misewu yonse yangoti mbuu ndi maluwa ogwa, koma dzuwa la October silikusewera. Tinaima pa mzere maola awiri. Itafika nthawi yanga, wapolisi anagwira dzanja langa n'kuyamba kugubuduza chala chimodzichimodzi pa inki kenako pa pepala. Zala khumi zonse. Ndili chiimire pamenepo ndinakumbukira bambo anga, ndipo misozi inalengeza m'maso.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, anawoloka Zambezi pa Tete mlatho kulibe, nadzagwira ntchito m'minda ya fodya kuno. Sanabwererenso. Kumudzi ankawatcha mtchona. Bambo anga anabadwira kuno, anakulira kuno, Chishona ankachiyankhula ngati mwini wake, koma chitupa chawo chinkati ndi mlendo. Panali zaka zomwe sankaloledwa ngakhale kuvota. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 ndi omwe anazindikira anthu ngati iwo, obadwira muno kwa makolo ochokera m'maiko ena a kum'mwera kuno kwa Africa, kuti ndi nzika. Anasintha chitupa ali ndi imvi. Tsiku limenelo anabwera nacho kunyumba, anachiika pa tebulo, ndipo anangokhala duu kuchiyang'ana mpaka nsima inazizira. Ndinakula ndikudziwa kulemera kwa pepala. Ndili ndi asuweni ku mafamu omwe mpaka lero alibe kalata yakubadwa, ndipo ana awonso alibe.

Titatuluka, aPhiri anakwera ya ku ntchito, ine ndinatsikira ku Mbare Musika kukagula matemba, tomato ndi nyemba. Mayi wogulitsa anaona zala zanga zakuda nandifunsa m'Chishona ngati ndamangidwa. Ndinamuuza zoona. Ndi mayi wabwino, timagulana kalekale, ndipo anandiyankha mondidera nkhawa. Anati mwana wosadziwika mutupo wake, kutanthauza mfunda wake, amabweretsa mizimu ya kwawo m'nyumba, akadwala simudziwa kopepesa, akamwalira simudziwa womuika. Mantha amenewa ndi enieni kuno, ndipo ndi chifukwa chimodzi chomwe ana ambiri amakulira m'nyumba zosungira ana amasiye mpaka kufika zaka 18 popanda wowatenga. Sindinakangane naye. Ndinangoti mwanayo adzakhala Phiri, mutupo wake ndi umenewo. Anandiwonjezera tomato awiri a basera.

Masana ndinavala yunifolomu kupita ku Chigwirizano. Mpingo wathu wa CCAP kuno unayamba ndi anthu ngati agogo anga, ndipo mpaka lero nyimbo timaimba m'Chichewa, ngakhale ana ambiri panja amacheza m'Chishona. Amayi abusa anawerenga Estere 2, pomwe Moredekai anatenga mwana wa bambo ake aang'ono, wamasiye, namulera ngati wake. Sindikudziwa ngati anasankha dala. Pa nthawi ya mapemphero anatitchula, ine ndi aPhiri ndi "mwana wathu amene ali m'njira". Aka kanali koyamba kumva munthu wina akunena mawu amenewo mokweza. Zaka 11 za ukwati, m'gulu lomwe aliyense amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, make uje, make uje, ine ndekha ndakhala Nabanda basi. Palibe anandinyozapo poyera. Koma ndikudziwa mmene nkhani za ana zimathera mwadzidzidzi ndikalowa m'chipinda.

Madzulo apongozi anaimba kuchokera kumudzi. Ndinagwada pansi ngakhale sankandiona, chizolowezi.

"Nabanda, mwaswera bwanji kumeneko?"

"Ndaswera bwino amayi, kaya inu."

Atafunsa za mvula ndi za mtengo wa ufa, anabwerera ku nkhani yawo ya masiku onse. "Mwana wanga, mukudzivutitsiranji ndi makhoti? Kuno ana ali mbwee. Alamu anu ali ndi asanu ndi mmodzi. Bwerani mudzatenge kamodzi, mukwere nako basi ya pa Mwanza, mawa lake muli ku Halale. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Amanena mwachikondi, ndipo sakunama. Ndi mmene takhala tikulererana ana kuyambira kale, mwana amapita kwa azakhali kapena kwa atsibweni popanda cholembera. Ambiri akula bwino choncho. Koma kumudzi palibe chipata cha Nyamapanda cholowera m'Zimbabwe. Kumudzi palibe amene amafunsa kalata yakubadwa mwana akamalembetsa mayeso a Giredi 7. Ndipo mwana wa alamu ali ndi make, ali ndi mbumba yake, tsiku lina adzaitanidwa kwawo ndipo adzakhala akulondola. Mwana amene tikumupempherera ife ndi yemwe a boma afufuza n'kupeza kuti palibe wachibale womutenga. Ndinawafotokozera zimenezi pang'onopang'ono, ndikusankha mawu. Ndinawauzanso za bambo anga ndi chitupa chija, nkhani yomwe ndinali ndisanawauzepo.

Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti netiweki yathawa. Kenako anati, "Ndiye mukadzabwera, mudzafikire kwa ine. Osakagona ku malo olipira. Mwanayo ndidzamusambitse ndine koyamba."

APhiri anafika mochedwa atanyamula chitini cha penti wa buluu wotsala ku ntchito, abwana awo anawalola kutenga. Kachipinda kaja timasungiramo matumba a chimanga tinakachotsa zonse Loweruka. Sitikudziwa ngati adzakhale mnyamata kapena mtsikana, wa miyezi isanu ndi umodzi kapena wa zaka zitatu, choncho bedi sitinagule. Anandifunsa, "Mayi, buluu ali bwino?" Ndinati ali bwino.

Magetsi anayaka 10 koloko itadutsa. Ndikulemba izi iwo ali m'kachipindamo akupaka khoma loyamba, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Inki ndayesa kuichotsa ndi sopo, ndi mchenga, ndi mandimu, koma m'mbali mwa zikhadabo ikadalipo. Kalata ya kupolisi anati tikaione sabata ya mawa.