Sabata yachinayi: injini imanama, hutala ayi

Loweruka ndinabwereranso pamalo anga aja m'mbali mwa msewu wa M1, pomwe ndimayeza liwiro la galimoto pojambula kulira kwake ndi foni. Foni ndinaiveka sokosi, poti sabata yatha mphepo inandiwonongera zonse. Ndinajambula galimoto 23, koma zothandiza zisanu zokha.

Kwa inu mwangoyamba kutsatira: galimoto ikamabwera, kulira kwake kumamveka kokwera, ikangokudutsa kumatsika. Anafotokoza zimenezi ndi wasayansi Christian Doppler mu 1842, ndipo mu 1845 wasayansi wina, Buys Ballot, anakweza oimba malipenga pa sitima ku Netherlands kuti atsimikize. Ine malipenga ndilibe, ndimadalira hutala.

Ndikafika kunyumba ndimatsegula mawuwo mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu, n'kuwerenga manambala awiri pa spectrogram, chithunzi choonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu ngati mizere. Lole ina inaliza hutala osalekeza chifukwa cha mbuzi. Ikubwera hutalayo inali pa 440 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), itadutsa 400 Hz. Kusiyana kwake ndi 40, kuphatikiza ndi 840. Gawani 40 ndi 840, muchulukitse ndi liwiro la mawu mumpweya, mamita 343 pa sekondi, mupeza mamita 16.3 pa sekondi, pafupifupi makilomita 59 pa ola. Mbuzi ija ndikuithokoza.

Koma 343 uja ndi wa mpweya wotentha madigiri 20. Digiri iliyonse imawonjezera pafupifupi 0.6, choncho dzuwa la Okutobala likafika pa 30 ndiyenera kulemba 349. Pa loleyo zikungosintha kilomita imodzi pa ola, sindikudandaula nazo.

Chondisowetsa tulo ndi injini. Ndinkaganiza kuti njinga zamoto za kabaza zindipepukira, poti kulira kwake kumajambula mzere wooneka bwino. Ayi ndithu. Wakabaza akangochotsa moto kapena kusintha giya pondidutsa, mzere umatsika pawokha, masamu n'kundiuza kuti amathamanga 110 pomwe wanyamula mayi ndi thumba la makala. Galimoto zing'onozing'ono nazo zimangomveka matayala, shwii, popanda mzere woti n'kuwerenga. Minibasi zimaliza hutala mosaumira, komatu zimatero zikuponda mabuleki kufuna okwera.

Sabata ino ndiyeza ndi tepi mtunda wa pakati pa mapolo awiri a magetsi, mphwanga azigwira nthawi, tione ngati masamu ondipatsa 59 aja ndi oona.

Kathebulo koikapo foni ndikasiya kunyumba. Madalaivala akakaona patali amayesa ndine wapolisi wa pamsewu, onse n'kudutsa ngati akuperekeza maliro. Wina anachita kuima, n'kutsitsa galasi: "Bwana, ndalakwa chiyani?"