Ndinayamba ndawerenga zitenje ndisanapite kwa kalipentala

Takhala zaka zitatu m'nyumba ya lendi ku Area 25 zovala zathu zikukhalira m'masutikesi awiri ndi pa chingwe chomwe abambo akunyumba anamanga kuchokera pawindo kukafika kuseri kwa chitseko. Chinanditsegula m'maso ndi dzinja lathali. Mu February ndikufuna bulauzi yoyera ya Chigwirizano, ndinaipeza pansi pa sutikesi itachita timadontho takuda ta nkhungu. Sutikesiyo inali pa simenti, itatsamira khoma lomwe mvula imawomba.

Maganizo anga oyamba anali ongothamangira ku Mchesi, kumene akalipentala amayala mawadiropu m'mbali mwa msewu, n'kuloza yokhala ndi galasi. Anandiletsa ndi alamu anga. Iwo anagula yotero, koma mkati mwake ndi malo opachika okhaokha, ndiye zitenje zawo zimangounjikana pansi ngati pa kaunjika. "Mlamu, yambani mwawerenga zomwe muli nazo," anatero.

Loweruka ndinakhuthulira zonse pabedi. Manyazi anandigwira ndili ndekha. Zitenje zinakwana 34: za zinkhoswe, za maukwati, za kumpingo, zina zoti mwini ukwatiyo sindikumukumbukanso. Zofunikadi hang'ala zinali zochepa: madiresi 7, mashati 9 a abambo, suti imodzi ndi mayunifolomu a ana. Panatulukanso mabulauzi omwe ndinatola kumsika wa Tsoka chifukwa chongotsika mtengo, koma chigulireni sanalowepo m'thupi. Amenewo ndi zothina za ana ndinamanga m'thumba kutumiza kumudzi ku Dowa. Zong'ambika zinasanduka zokolopera.

Kuwerengako ndiye kunandiuza wadiropu yomwe ndimafuna: mashelefu ambiri, popachika pang'ono. Ndinabwereka tepi kwa atelala oyandikana nafe n'kuyeza khoma, linapezeka masentimita 150. Ndinayezanso chitseko cha kuchipinda, chifukwa ndinaonapo anzanga akugwetsa felemu kuti katundu alowe, kenako n'kukangana ndi eni nyumba. Tinagwirizana ndi kalipentala kuti apange zigawo ziwiri zodzalumikiza ndi masikuluwu m'chipinda momwemo. Munthu wa lendi sachedwa kusamuka, ndipo chinthu chomasuka chimakwera bwino pa lole.

Pa kuya kwake ndinafuna masentimita 45 kuti chipinda chisachepe. Kalipentalayo anatenga hang'ala n'kuigoneka patebulo. "Mayi, iyi yokha yadutsa 40. Mukaikapo jekete, chitseko chizidya mkono wa malaya." Tinakhazikika pa 60. Mbali yopachika anaigawa pawiri: malo a madiresi a masentimita 150 kuchokera pamwamba kutsika pansi, kwinako mita imodzi ya mashati, pansi pake pokhala nsapato. Mashelefu anawatalikitsa masentimita 30, popeza mulu ukatalika kuposa apo umagwa ukasolola chapansi.

Zomwe ndinaumirira ine ndi za chinyezi. Ndinati aiike miyendo ya masentimita 10 kuti tsache lizilowa kunsi komanso chiswe ndizichiona chisanafike patali, ndipo aboole timabowo kumbuyo kuti mpweya uziyenda. Ndinafunsanso kawirikawiri ngati matabwa a painiwo ndi ouma, chifukwa aawisi amapindika akamauma ndipo zitseko zimasiya kukumana.

Anati sabata imodzi, zinatenga zitatu. Mwayi wake ndinalipira theka lokha poyamba. Pomwe ndinalakwitsa ndi povomera ndodo yamtengo yopachikapo. Patangotha mwezi inawerama pakati, ndiye abambo anagula paipi yachitsulo n'kusintha. Inu yambirani pa paipi pomwepo.

Polongedza ndinatsata nyengo. Majuzi ndi mabulangete, zomwe zimagwira ntchito kuzizira kwa June ndi July, ndinaziika pamwamba penipeni, nditazichapa ndi kuziyanika mpaka kuuma gwa. Za tsiku ndi tsiku zili pofika dzanja. Ana ndinawapatsa mashelefu awiri apansi kuti m'mawa asamandidzutsire sokosi. Zitenje ndinasiya kuzisanjikiza. Ndimazipinda n'kuzikulunga ngati mkeka, n'kuziyala moti mutu wa chilichonse uzioneka. Cha maliro ndimachipeza ngakhale magetsi atathima. Pakona ndinaikapo makala angapo omanga m'kansanza kuti azikoka chinyezi, ndipo timibulu toyera tothamangitsa njenjete tija ndinatiika pamwamba pomwe wamng'ono sangafike, chifukwa amatha kutiyesa maswiti.

Wadiropuyo sinagunde khoma, tinasiya mpata wolowa chikhatho. Dzuwa likawala ndimatsegula zitseko zake ndi windo kwa maola angapo, kupatula masiku a fumbi a September ndi October. Masutikesi aja tsopano ali pamwamba pake, imodzi ili ndi makatani akale, inayo ilibe kanthu.