Thalauzi langa linatsala ku Samburu

Ulendo wathu wokaona nyama ku Kenya unayambira ku Aberdare, kumapiri a nkhalango zowirira ndi nsungwi, komwe nsonga yaitali imafika pafupifupi mamita 4,000. Kuzizira kwake inu! Akazi anga atamva mano anga akugundana, anandigulira thalauzi logonera laubweya, lofiira psuu, lokhala ndi timitima toyera. Komwe tinagona amaliza belu usiku nyama zikabwera kudzanyambita mchere padziwe, ndiye ndinkathamanga nalo kukaona njovu ndi njati. Mumdima timitima sitioneka.

Kenako tinatsikira kumpoto, ku Samburu. Kumeneko ndi fumbi, minga ndi dzuwa loswa mtengo. Zamoyo zambiri zimakhamukira ku mtsinje wa Ewaso Ng'iro, womwe madzi ake ena amachokera ku Aberdare konkuja. Chikwama chachikulu tinali titasiya ku Nairobi, choncho thalauzi langa lenileni, limodzi lokhalo, ndinalichapa madzulo n'kuliyanika pachingwe cha tenti.

M'mamawa chingwe chinali chokhachokha. Pamchenga panali mapazi a anyani.

Galimoto yokaonera nyama siyembekeza munthu, pajatu mikango imayenda kusanatenthe. Ndinakwera ndi timitima tanga. Wotiperekeza, mnyamata waulemu wachisamburu, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kumeza malovu, n'kuyamba kufotokoza za nyama ngati sanaone kanthu. Anationetsa mbidzi ya Grevy ya mizere ing'onoing'ono ndi mimba yoyera, nthiwatiwa yamphongo ya khosi labuluu, ndi gerenuk, mphoyo ya khosi lalitali imene imaimirira ndi miyendo yakumbuyo podya masamba a mthethe. Akuti imatha kukhala osamwa madzi, masamba omwewo amaikwanira. Ine apo n'kuti thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato.

Nditaimirira pampando kuti ndiione bwino gerenukyo, galimoto ina ya alendo inaima pambali pathu. Makamera onse anatembenuka. Gerenuk, nyama yomwe anthuwo anaulukira maola ambiri kudzaiona, inatsala yokha ikudya.

Cha kumasana tinafika pamtsinje, pansi pa migwalangwa. Mnyamata uja anazimitsa injini. “Mzee, taonani uko.”

Pamchenga panakhala chinyani chachikulu chili ndi thalauzi langa. Chinkapisa m'matumba limodzilimodzi, mosafulumira, ngati wapolisi wapamsewu. Chinapeza siwiti n'kudya, chinapeza lisiti n'kulinunkhiza. Ndinafuna kutsika, koma malamulo a kumalo osungira nyama salola, komanso chapafupi ng'ona inali gone padzuwa kukamwa kuli yasa. Ndinangokuwa kuti “Iwe!” Chinyanicho chinandiyang'ana, chinayang'ananso timitima, n'kupitiriza ntchito yake.

Posakhalitsa kunabwera chinzake, n'kugwira mwendo wina. Uyu akoka, uyo akoka, phwee! Mwendo umodzi unakwera mumtengo, winawo unalowera kuthengo.

Akazi anga, omwe misozi inali ikutsika chifukwa cha kuseka, anandigwira paphewa. “Musadandaule bambo, linali litayamba kale kukuthinani m'chiuno.”